Mfundo Yanu ya Mzimbe, Bambo a Jacob

AUBREY NAMAKHWA
Mphunzitsi wa zamasewera, wa ku Mpama, Chiradzulu

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, Bambo a Jacob. Ana amafuna kuti pamwambapa tiike chithunzi chija cha pa ukwati wa mphwanu, muli mu suti, koma ine ndakana. Angakuzindikireni ndani mu suti? Taika ichi cha wezulo m'khosi, chipewa chopindika, kukamwa kuli yasa, mukukalipira mwana wa eni amene sakuoneka n'komwe pachithunzipa. Umu ndi mmene anthu a kuno amakudziwirani.

Zaka ziwiri zapitazi tinkalemba mwachidule chifukwa misozi inkatitsekereza. Chaka chino mundipirire, ndili ndi nkhani. Jacob wati ndachulutsa, nyuzipepala si yathu yokha. Ndamuyankha kuti bambo ake sankadziwa kufupikitsa nkhani, ndiye asayembekezere kuti ine ndiyamba lero.

Ndiyambe ndi chimene sindinkanena muli moyo, poopa kukuchotserani ulemu pamaso pa ana a sukulu. Zaka zonse zimene ndinakhala nanu, ine sindinakuonenipo mukuthamanga. Mvula ikakupezani panjira munkangofulumirako pang'ono, mimba patsogolo, inu pambuyo. Koma munthu yemweyo, pa sekondale yoyendera yopanda ndi mpanda womwe, munkatulutsa ana oti a masukulu ogonera konko a ku Mulanje ndi ku Thyolo akawaona akutsika mu lole, ankayamba kumanganso zingwe za nsapato. Athu ambiri analibe ndi nsapato zoti amange. Inu munkawatsatira pa njinga, belu lili ngiringiri, mukukuwa kuti maondo m'mwamba, ndipo pofika kunyumba munkadandaula kutopa kuposa anawo.

Aphunzitsi anzanu ankaima pakhomo la sukulu m'mawa kudikirira ochedwa kuti awapatse chibalo. Inunso munkaima pomwepo, koma munkayang'ana miyendo. Mwana akatulukira pa chitunda paja akuthamangira belu, mabuku kukhwapa, inu munkagwedeza mutu ngati munthu wosankha nkhuku pamsika. Mukumukumbukira Overtone, kamnyamata kamanyazi kaja munakapeza kakugenda mango kutsidya kwa mtsinje, kasanalowe ndi Fomu 1 yomwe? Mwini mango ankafuna mukakwapule, inu munakapatsa nsungwi yanga yoyanikira zovala kuti kaponye ngati nthungo. Phulusa la m'mudzi muno nalonso linkathera kwa inu. Nyengo ya mipikisano ikayandikira munkazungulira makomo ndi thumba, amayi n'kumakusekani kuti a Namakhwa ayamba geni ya phulusa, ndipo pofika Lachisanu mizere inkakhala ili mbee pabwalo, yokhota pang'ono cha kuchulu, poti chulu chija munalephera kugwirizana nacho.

M'nyumba muno simunkapereka chinthu ngati munthu. Mchere, sopo, makiyi, wofuna kulandira ankayenera kukufulatirani, dzanja kumbuyo, chikhatho chotambasula, osacheuka. Alendo ankadabwa. Tsiku lina ndinaiwala n'kuwalandira motero abusa a mphakati akundipatsa buku la nyimbo, ndipo munaseka mpaka kutsokomola. Munkati wolandira ntchito yake ndi kukhulupirira mnzake, akangocheuka wataya liwiro. Munkatinso wolephera mayeso asabwere pabwalo, poti miyendo imatha koma mutu umakhala. Ana ankadandaula nalo lamulo limeneli, koma lero wina ndi namwino, wina msilikali, wina akuphunzitsa ku Phalombe ndipo akutibera nzeru zanu.

Mlandu waukulu pakati pa inu ndi ine unali mzimbe. Sukulu inalibe timitengo tija topatsirana pothamanga anthu anayi, ndipo mukanatha kungodula nthambi ya bulugamu ngati anzanu. Ayi, inu munalowa m'dimba mwanga n'kusankha mzimbe wonenepa umene ndinkausungira msika wa pa Boma. Nditakufunsani munayankha mosaphethira kuti mwana wa ku Chiradzulu akhoza kugwetsa kamtengo, akhoza kugwetsa cholembera, koma chinthu chotsekemera sangagwetse. Lamulo lanu linali losavuta. Mzimbe ukadutsa m'manja anayi osakhudza pansi, unkadulidwa pasanu: atsikana anayi aliyense chake, inu n'kutenga cha pamfundo, polimba paja pamene aliyense amapakana. Ukagwa, munkaumangirira pakaliyala n'kubwera nawo kunyumba kudzapatsa mbuzi yathu yaikazi, imene munaitcha a Jaji. Tsiku la mpikisano weniweni ana ankathamanga ndi kamtengo ka eni mpikisano, koma mzimbe unkakhala m'thumba la jekete lanu, ndipo lamulo linali lomwelo: apambane, asapambane, bola kamtengo kasagwe. Ana anakupatsani dzina loti a Mzimbe. Munkanamizira kuti simulidziwa, chonsecho akaitana munkatembenuka.

Mukudziwa kumene ndikupita. Chaka chanu chomaliza, Maluwa wathu, chitsirizira, anali Fomu 1, miyendo ngati nsungwi zanga zija, ndipo munamuika wachitatu pa timu ya atsikana. Womaliza anali mnzake wa kalasi imodzi, Shamsa, mwana wa Che Taufiq a sitolo pa Boma paja. Munavutika naye mwana ameneyu. Bambo ake sankafuna kumva za kabudula, ndiye munapitako maulendo osawerengeka, mukumwa tiyi wawo ndi kugonja dala pa bawo, mpaka tinagwirizana kuti ine ndimusokere buluku lalitali lopepuka ndipo azithamanga atamanga mpango wake kumutu. Kuchokera pamenepo Che Taufiq anasanduka wokuwa kwambiri pabwalo kuposa inu.

Ku mpikisano wa chigawo, kumene kumakumana akatswiri a masekondale a Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, atsikana athu anali patsogolo pa wa anayi uja. Ine ndinalipo, dimba ndinalisiya tsiku limenelo. Maluwa anatuluka pokhota paja ali yekha, ife tayamba kale nthungululu, kenaka anangomugunda Shamsa kumsana, onse awiri dzandidzandi, kamtengo pansi. Pamene Shamsa ankakatola, a ku Mulanje anali atamaliza.

Pobwerera munaimbitsa nyimbo mu lole ngati palibe chachitika, ndipo titafika munapereka mzimbe kwa a Jaji mwaulemu wonse, chipewa m'manja. Tonse tinaseka, kupatula Maluwa. Mawa lake tikuthirira m'dimba munandiuza chimene munaona inu: mwana sanalakwe. Chizindikiro chimene munamuikira Shamsa pansi, choti Maluwa akachiponda iye anyamuke, munachiika poyesa liwiro la Maluwa wa pabwalo la sukulu. Tsiku la mpikisano kunabwera Maluwa wina, wothamanga kuposa amene inu munkamudziwa, ndiye anafika mnzake asanatenge liwiro. Munkanena uku mukuseka, madzi a mu ndowa akukutayikirani pamapazi. Ndinati kamuuzeni mwanayo. Inu munati ayi, kamwana ka Fomu 1 ukakauza kuti n'kamphepo kamatupa mutu. Mudzamuuza nyengo ina ikamayamba, muli pabwalo, akuona yekha.

Nyengo inayo simunaione. Patangopita masabata ochepa munagwa mukupopa njinga, ndipo ku chipatala cha Nguludi anayesetsa, koma anati ndi kuthamanga kwa magazi. Ana anu akale anabwera kuchokera konsekonse, ena sindinawazindikire chifukwa cha ndevu. Ulendo wa kumanda bokosi lanu ankangolandirana, phewa ndi phewa, osalola wina aliyense kugwirako, ndipo silinakhudze pansi mpaka kufika. Ndinanyadira pakati pa misozi. Koma ndinene poyera, Bambo a Jacob, ndinakwiya nanu. Ndinakwiya chifukwa munapita ndi mawu amene mwana ankawafuna kuchokera pakamwa panu, osati panga.

Maluwa anasiya kuthamanga. Sanalengeze, anangosiya. Malaya ake a masewera anawasandutsa chokolopera. Ndinamuuza zimene munanena m'dimba, kangapo konse, iye n'kumangoti amayi mukungonditonthoza. Mumtima mwake zinakhazikika kuti chomaliza chimene bambo ake anaona kwa iye ndi kamtengo kali m'fumbi. Mzimbe ankauthirira, ankaupalira, ankausenza kupita nawo kumsika, koma kuulawa ayi. Taganizani, mwana wa a Mzimbe osatafuna mzimbe. Aphunzitsi atsopano a zamasewera, mayi wachitsikana wodziwa ntchito yake, anabwera kuno kudzamupempha, iye n'kuwalandira bwino, kuwawotchera chimanga, kuwaperekeza, osalonjeza kanthu. Shamsa ankapambana payekha chaka ndi chaka, koma pa anayi paja timu yathu inkangotsekera ena kumbuyo, chifukwa malo achitatu analibe mwini. Chaka chino onse awiri ali Fomu 4. Ndinkaona miyezi ikutha ndili ndi mantha kuti mwana atuluka sukulu atasenza katundu ameneyu, n'kukalowa naye m'banja, n'kukalamba naye.

Amene anatithandiza ndi Jacob, ndi kuiwala kwake kuja anatengera kwa inu. Anabwera kuchokera ku Limbe kudzationa, ndipo pobwerera tinamuperekeza kumsewu. Minibasi itanyamuka, Maluwa anazindikira kuti foni ya achimwene ake ili m'manja mwake, poti anaibwereka kuti ajambule. Sanaganize. Anangovula masilipasi n'kuliyatsa. Ine ndinaona fumbi lokha. Amayi ogulitsa tomato anaimirira, anyamata a kabaza anayamba kuimba malikhweru. Minibasi inali isanakoke kwenikweni, chifukwa kondakitala ankasakabe anthu, koma sinaime, ndipo mwana wanu anaipeza n'kuika foni m'dzanja la Jacob pawindo, bwinobwino ngati akuponya chopereka m'mbale. Anabwerera akupuma pang'ono chabe, maso pansi, ngati wachita chinthu chochititsa manyazi. Ndinangomupatsa masilipasi ake.

Sabata yomweyo ndinakwera pa Boma kukaonana ndi Shamsa kusitolo, ndipo tinapangana zathu. Che Taufiq anamvetsera uku akuyeza shuga, n'kunena kuti chiwembu chotere Che Namakhwa akanachikonda. Aphunzitsi aja nawonso anavomera. Kuyambira Lolemba lotsatira, akaweruka kusukulu, atsikana atatu ankabwera kudzayeserera pa kamsewu kathu kopita kudimba: Easter woyambitsa, Fiona wachiwiri, Shamsa kumapeto. Malo achitatu anangowasiya opanda munthu. Ine ndinkadula mzimbe wabwino, Maluwa akuona. Easter ankathamanga n'kupatsa Fiona, Fiona n'kuthamanga mpaka pa mtengo wa mapeyala, n'kutambasula dzanja kupatsa mphepo. Mzimbe phu m'fumbi. Shamsa ankabwera kudzautola ndi nkhope ya pamaliro, n'kupita nawo kukhola.

A Jaji sanadyepo bwino chotero chibadwire. Pofika Lachinayi ankati akangoona mayunifolomu akutulukira, ankayamba kulira okha n'kumakoka chingwe. Maluwa ankakhala pakhonde ndi mabuku ake atafulatira msewu, koma tsamba silinkatembenuka. Anayamba kundidandaulira kuti mzimbe umenewu amathirira ndi iye, msana umawawa ndi wake, ndipo amayi mwayamba kuwononga ngati bambo. Ndinamuyankha kuti lamulo si langa, ndipo mwini lamulo kulibe woti tingakamudandaulire. Mumtima ndinkapemphera, chifukwa dimba linkaoneka kale magwelugwelu ngati mano anga, ndipo sindinkadziwa ngati ndikuchiritsa mwana kapena ndikumutosa pachilonda.

Sabata yachiwiri ndinadula wofiira uja wa m'mbali mwa chitsime, umene Maluwa anabzala yekha. Anauona. Pamene Easter ankanyamuka iye anali atatsika pakhonde, akuti akukaanula zovala, ndipo chingwe cha zovala mukuchidziwa pamene chimathera, pa mtengo wa mapeyala pomwepo. Fiona anafika, anatambasula dzanja monga mwa masiku onse, n'kusiya. Mzimbe sunafike pansi. Ndiye munthu ukagwira mzimbe uli pa malo achitatu, mnzako patsogolo wakutambasulira dzanja kumbuyo, miyendo siyipempha chilolezo. Maluwa anathamanga ndi siketi ya pakhomo, zopanira zovala zili m'dzanja linalo, n'kukamugunda Shamsa kumsana ngati tsiku lija. Onse awiri anakagwera m'mizere ya mbatata ya a neba, koma dzanja la mzimbe linali m'mwamba.

Ndinati basi, ndawononga zonse. Koma Shamsa anadzuka akudzisansa fumbi, n'kuloza kachitsekerero ka botolo kamene anaika pansi ngati chizindikiro. Anati wakaika pamene a Mzimbe ankakaika, sanasinthe ngakhale pang'ono, ndipo ananyamuka pa nthawi yake. Kenaka anamuyang'ana mnzakeyo.

"Iwe Malu, vuto si manja ako. Ukufika msanga. Tsiku lija unafikanso msanga."

Anasuntha kachitsekerero kaja kukabweza kumbuyo, n'kuyesanso. Anapondanabe zidendene. Anakasunthanso. Ulendo wotsatira mzimbe unalowa m'dzanja la Shamsa onse ali pa liwiro, osamveka ndi phokoso lomwe. Maluwa anabwerera n'kuima pakati pa msewu, akuyang'ana pamene kachitsekerero kanali poyamba ndi pamene kafika tsopano. Mpata wake unali woti a Jaji n'kugonapo motambasuka. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndiye bambo ankanena zoona eti?"

Ndinati bambo ako ankanama pa zambiri, makamaka za kumene kwalowera mizimbe yanga, koma pa za liwiro sananamepo. Analira mwana, Bambo a Jacob, kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro anu. Anzake anamusiya alire. Atatonthola, Fiona anafunsa ngati mzimbewo uli wa a Jaji kapena wawo, poti anagwa ndi anthu koma mzimbe sunakhudze pansi. Tinagamula kuti ndi wawo. Anaudula panayi, osatchula za pamfundo, ndipo Maluwa anapereka chake kwa Easter, nati iye adzadya akabwera ku mpikisano. A Jaji sanagwirizane nacho chigamulocho, mpaka lero amandiyang'ana cham'mbali.

Mwezi watha tinapita ku mpikisano wa chigawo. Che Taufiq anapereka lole yawo, ine ndinavala jekete lanu la matumba akuluakulu lija ngakhale limandifika m'maondo, ndipo simufunika kufunsa chimene chinali m'thumba. Mukanawaona ana anu. Overtone tsopano ndi chimphona cha mapewa otakata, manyazi okha ndi omwe aja. Nthungo yake yoyamba inapitirira pamene oyeza anaima, mpaka mmodzi anathawa atagwira chipewa, ndipo m'maboma onse anayi palibe anamuyandikira. Shamsa anatenga mipikisano yake iwiri ya mtunda waufupi, n'kubwerera kukagwira chanza amene anawasiya. Pa mitunda italiitali anyamata a ku Mulanje anatisambitsa chokweza monga mwa nthawi zonse. Munkati ana okulira m'phiri sungalimbane nawo pa mpweya, ndipo sizinasinthe. Mtsikana wina wa ku Phalombe analumpha patali moti tonse tinaomba m'manja ngakhale sanali wathu, ndipo ku Thyolo kwatuluka kamnyamata kakafupi kolumpha ndodo yoposa msinkhu wake, kamene mukanakaona mukanayamba kufunsa ngati kalibe achibale ku Chiradzulu. Ndikukuuzani zonsezi chifukwa ndikudziwa kuti mukanandifunsa.

Wa anayi unali womaliza, dzuwa litapendeka. Easter ananyamuka bwino, Fiona anasunga malo n'kufika wachitatu. Maluwa atalandira, maso anga anayamba kuchita nkhungu. Ndinangomva mayi wina wa ku Thyolo pambali panga akufunsa kuti kamtsikana kataliko n'ka ndani, ndipo ndinayankha ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo kuti n'ka a Namakhwa. Pokhota paja anadutsa mmodzi, n'kufika phewa ndi phewa ndi wa ku Mulanje. Shamsa ananyamuka mnzake akali kutali, moti ena anayamba kukuwa kuti wafulumira, wamuthawa. Dzanja kumbuyo, osacheuka. Ine ndinatseka maso, ndisaname. Nditatsegula, kamtengo kanali m'dzanja la Shamsa, ndipo Maluwa anali ataima mu mzere wake, manja ali m'mwamba opanda kanthu, akuseka.

Sitinapambane, musayambe kudzitama kumeneko. Wa ku Mulanje anamupitirira Shamsa ndi chifuwa chokha, tinakhala achiwiri, ndipo akuti atsikana anu akapita nawo ku mpikisano wa dziko lonse akamaliza mayeso. Koma mukanaona mmene anathamangira kubwera kwa ine, asanapite ndi kukalandira mamendulo komwe, mukanati atenga chikho. Anandizungulira, manja m'matumba a jekete lanu. Che Taufiq anatulutsa mpeni. Anadula ndi Maluwa, pabondo, monga munkachitira inu, ndipo zidutswa zinali zisanu. Chake anachisenda ndi mano pomwepo, madzi akutsikira m'chigongono, n'kunena kuti mzimbe wa chaka chino ukutsekemera. Sindinamuuze kuti wakhala ukutsekemera zaka zonsezi.

Cha pamfundo anandipatsa ine. Anati ichi n'cha bambo, muone chochita nacho. Mano anga mukuwadziwa, sakanatha, ndipo cha a Jaji sichinali, poti sichinagwe. Ndinabwera nacho kunyumba m'thumba lomwelo. Pochitulutsa ndinaona kuti pamfundopo pali diso, lathunthu, mpeni sunalikhudze. Zaka zonse zija ndinkakuuzani kuti mukutafuna mbewu, inu osamva. Ndinakachikwirira m'mbali mwa chitsime, pa chinyontho, pamene panali wofiira uja, ndipo Maluwa wakhala akuthirira m'mawa uliwonse asanapite kukalemba mayeso. Dzulo anandiitana ndikusesa, kuti amayi tabwerani mudzaone. Chaphuka. Kansonga kobiriwira, kotalika ngati chala, kaima njo. Tatchingapo ndi minga chifukwa cha a Jaji.

Tonse tikukusowani. Jacob anakonza njinga yanu koma sakwera, akuti chishalo chinazolowera mwini wake. Achemwali anu a ku Nguludi amagwetsabe misozi akamva wezulo, ngakhale ya ana osewera mpira. Che Taufiq akuti bawo silikomanso, poti palibe amene amagonja mwaulemu ngati inu. Ana a Fomu 1 amene sanakuonenipo amatchula a Mzimbe ngati amakudziwani. Ine ndimakusowani madzulo, nthawi ija munkalowa mutatopa ndi kuthamanga kwa anthu ena. Dimba likubwerera mwakale, palibe wondibera, ndipo sindinkadziwa kuti munthu angasowe wakuba wake chonchi.

Pitirizani kuusa mumtendere, Bambo a Jacob. Mwana wamva, ngakhale mochedwa, ndipo ine ndakukhululukirani. Chaka chamawa mzimbe wanu udzakhala utakula, ndipo kamtengo ka atsikana obwerawo tidzadula pamenepo. Sitidzakuiwalani, ndipo cha pamfundo tizikusungirani.

Ndine mkazi wanu Esnat, pamodzi ndi ana anu Jacob ndi Maluwa, abale onse a ku Mpama ndi ku Nguludi, ndi ana anu onse a pabwalo.